Mapiri opanda mitengo a kumpoto kwa England: kodi anthu amakaonako chiyani?

Funso

Ndine namwino, ndimagwira ntchito ku Leeds, kwathu ndi ku Dedza. Mu Novembala anzanga a kuntchito ananditenga kuti tikayende kumalo amene amati moor. Kunena zoona ndinabwerako wokhumudwa. Tchire louma lofika m'mawondo, mphepo yolasa m'mafupa, nkhosa ziwiri zitatu, basi. Mtengo ngakhale umodzi ayi, nyama ayi. Koma anzangawo amangoti kukongola, kukongola. Kodi ndine amene sindikuona? Tsopano akuti kukayamba kutentha tipite ku ma fell a ku Lake District. Kodi moor ndi fell n'zosiyana? Nanga n'zololedwa kumangodutsa m'minda ya eni chonchija? Ndikufuna kupita ndi ana anga awiri koma ndili ndi mantha.

Yankho

Mayi, maso anu ali bwinobwino. Munangofika kumunda eni atakolola kale, ndiponso panalibe wokuuzani kuti pano panalimidwa chiyani. Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndinagwirako ntchito ya zankhalango ndisanabwere kuno, ndipo tsiku loyamba kuima pa moor ndinafunsa mnzanga wachingelezi kuti, "Kodi mitengo yonseyi anadula ndani?" Iye anaseka poganiza kuti ndikucheza. Koma funso lija linali lenileni, ndipo nkhani yonse ya malo amenewa yagona pamenepo.

Alendo ambiri amaona ngati ndi thengo limene munthu sanakhudzepo. Ayi ndithu, ndi bwinja. Kwathu mukamayenda m'tchire n'kupeza mitengo ya mango itaima pamodzi, nsatsi, mapale a mbiya ndi mizere yakale yofufutika, simuchita kufunsa munthu, mumadziwa kuti pano panali mudzi. Mapiri a kuno nawonso amawerengedwa choncho, kungoti bwinja lake ena adakalimo, akuweta ndi kutentha tchire mpaka lero.

Za mawuwo n'zosavuta. Moor ndi mtunda wotambalala, wokwera koma wosasongoka, wonyowa pansi, womera tizitsamba ndi udzu wolimba. Ndi umene uli pakhomo panu ku Leeds: Ilkley Moor, mitunda ya Pennines imene imalekanitsa Yorkshire ndi Lancashire, ndi North York Moors cha kum'mawa. Fell ndi phiri. Liwuli linabwera ndi anthu a ku Scandinavia amene anadzakhala kumpoto kwa England zaka zoposa 1,000 zapitazo. Anasiyanso mawu ena amene mudzawaone pa mapu: beck ndi kamtsinje, gill ndi khwawa, tarn ndi dziwe la pamwamba pa phiri, force ndi mathithi. Ku Lake District ma fell ndi amiyala, otsetsereka, ndipo zigwa zake n'zosemedwa ngati bwato, chifukwa anazisema ndi madzi oundana amene ankakwawa pang'onopang'ono nthawi imene dziko lino lonse linali louma gwa ndi chisanu. Mudzamvanso mitunda ina ya Pennines ikutchedwa fell, monga Cross Fell, ngakhale pamwamba pake ndi pa moor. Musavutike nazo.

Pa kutalika mudzaseka. Phiri lalitali kuposa onse mu England, Scafell Pike, ndi mamita 978. Tawuni ya Dedza ili pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndiye kuti munkapita kumsika muli pamwamba kuposa nsonga ina iliyonse mu Britain. Sapitwa ndi mamita 3,002. Sungani kusekako, tidzakubwerera, chifukwa ine kunanditengera tsoka.

Tsono mitengo ija. Madzi oundana atasungunuka, zaka zoposa 10,000 zapitazo, nkhalango inamera n'kukwera mpaka m'mwamba mwa mitunda yambiri imene lero ili mbee. Anthu anayamba kuitsekula ndi moto ndi nkhwangwa zamwala. Ku Great Langdale, ku Lake District, pamwamba pa phiri, kuli malo amene ankasema nkhwangwa zimenezi zaka pafupifupi 6,000 zapitazo, ndipo nkhwangwa za mwala wa kumeneko zapezeka m'madera akutali mu Britain monse. Mitengo itachoka, ziweto zikudya mphukira iliyonse, mvula ikungogwa, nthaka inasukuluka n'kusanduka lowe. Pa lowe limenelo panamera ndere yofewa yotchedwa sphagnum, imene imamwa madzi ngati siponji. Ikafa siola bwino, chifukwa pansipo ndi pozizira, pamadzi, popanda mpweya. Imangounjikana n'kusanduka dothi lakuda bii lotchedwa peat. Dothi limeneli limakula pafupifupi milimita imodzi pa chaka. Choncho mukaima m'khwawa limene madzi anakumba, khoma lakuda likukufikani m'mutu, mukuyang'ana zaka zoposa 1,500. Yang'anitsitsani m'munsi mwa khomalo. Nthawi zina mumapeza zitsa ndi mizu ya mitengo zikusuzumira, khungwa likadalipo. Nkhalango ndinkafunsa ija ndi imeneyo. Madzi a m'timitsinje ta kumeneko amaoneka ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha dothi lomweli, si uve ayi.

Pakati pa Manchester ndi Sheffield, pa Kinder Scout ndi Bleaklow, ndere ija inaphedwa ndi utsi wa malasha wa m'mafakitale, ndipo kwa zaka zambiri pamwambapo panali dothi lakuda lopanda chomera, likungokokoloka. Kuyambira 2003 bungwe la Moors for the Future lakhala likukonza: kuthira laimu ndi mbewu za udzu ndi helikopita, kutseka makwawa ndi timadamu tambirimbiri, kubzala ndere ndi manja. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti miyala yafulati imene anayala m'njira zina kuti anthu asamaponde matope, ina inachokera pansi pa mafakitale akale omwe aja atagumulidwa.

Tchire louma limene linakukhumudwitsani lija dzina lake ndi heather. Mu Novembala limakhala litafota. Bwererani pamalo omwewo pakati pa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala, mudzapeza mtunda wonse wavala mtundu wa maluwa a jakaranda, koma wozama, kuchokera pamapazi panu mpaka pamene maso alekezera. Dzuwa likawomba fungo la uchi limamveka, ndipo alimi a njuchi amanyamula ming'oma yawo n'kukaiika kumeneko masabata amenewo.

Koma mukayang'ana mtundawo muli patali mudzaona kuti uli ndi zigamba ngati nsalu yosokerera: apa pakuda, apa pobiriwira, apa pofiirira, zina zamakona ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Limenelo ndi lupsa, ndipo amatentha dala chifukwa cha mbalame imodzi yotchedwa red grouse. Imafanana ndi nkhwali, ndi yofiirira, ili ndi kofiira pamwamba pa diso, ndipo imabuka pamapazi panu penipeni mtima n'kuti phaa. Angelezi amati ikamalira imanena kuti "go back, go back", kukuuzani kuti bwererani. Mbalameyi imadya nsonga zanthete za heather koma imabisala ndi kuikira mazira mu heather wamkulu. Ndiye alonda a malowa amatentha kachigawo aka chaka chino, ako chaka chamawa, pakati pa Okutobala ndi pakati pa Epulo, kuti msipu ndi pobisala zikhale moyandikana. Mukaona timakoma tamiyala tozungulira ngati theka la nkhokwe, titandandalika mzere umodzi kudutsa mtunda, ndi mobisalira osaka. Nyengo yosaka imatsekulidwa pa 12 Ogasiti. Anthu aganyu amayenda mzere akukupiza mbendera kuti mbalame ziuluke molunjika kwa ogwira mfuti, ndipo tsiku limodzi la masewera amenewa limadya mapaundi masauzande. Zinafala m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, sitima ya pamtunda itayamba kufikitsa olemera a ku London kumpoto mosavuta.

Ndimaseka ndekha ndikakumbukira mmene tinkakalipira anyamata otentha tchire posaka mbewa. Kuno tchire amatentha posaka nkhwali, kungoti otenthawo amalipidwa mwezi ndi mwezi.

Mkangano wake ndi waukulu ndipo sunathe. Kuti mbalamezi zichuluke, alonda amapha nkhandwe, akhwangwala ndi tinyama tina todya mazira, zimene lamulo limalola. Koma ena amaphanso mbalame zolusa zimene lamulo limateteza, makamaka kabawi wina wotchedwa hen harrier, moti mu 2013 mu England monse munalibe chisa chake ngakhale chimodzi chimene chinatulutsa ana. Motowo nawo umaumitsa dothi lakuda lija, ndere n'kufa, madzi amvula n'kumathamangira m'matawuni a m'zigwa. Mu 2021 boma linaletsa kutentha popanda chilolezo pamene peat ndi wakuya m'malo otetezedwa. Ine maganizo anga ndi akuti kutentha pa peat wakuya n'kutentha nkhokwe, ndipo kupha akabawi kulibe chowiringula. Komabe sindingabise kuti mbalame zina zoikira mazira pansi zimaswana bwino pamene nkhandwe ndi akhwangwala zikuchepetsedwa. Amene amakuuzani kuti nkhaniyi ili ndi mbali imodzi, sanayendeko mokwanira.

Mwati nyama ayi. Zoona, ndipo apa ndi pamene Nyika imaposa. Alendo ambiri akafika ku Chelinda amati kukufanana ndi Scotland kapena Yorkshire, ndipo mitunda yake yaudzu ndi nkhungu zimafananadi. Koma ku Nyika mukakwera chitunda mumakumana ndi mbidzi, chilembwe, ntchefu, mwinanso kambuku. Kuno mimbulu ndi zimbalangondo anazimaliza kalekale. Zatsala ndi zazing'ono, zofuna khutu kuposa diso, ndipo mu Novembala zambiri zimakhala zitachoka.

Pitani m'mawa wa mu Epulo kapena Meyi, mukhale pamwala, muuze ana akhale chete mphindi zisanu. Choyamba mudzamva ndi curlew, mbalame yaikulu yotuwa ya miyendo yaitali ndi mlomo wopindika ngati chikwakwa. Nthawi yozizira imakhala m'mbali mwa nyanja, mu Malichi imakwera ku moor kukaikira mazira. Kulira kwake kumayamba ngati mluzu wa munthu wosungulumwa, pang'onopang'ono, kenako kumathamanga n'kumabwadamuka ngati madzi otuluka m'botolo, mbalameyo ikutsika mapiko ali tambalale. Ndinaimva koyamba pamwamba pa chigwa cha Swaledale ku Yorkshire, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinasiya kuyerekeza malowa ndi kwathu. Chiwerengero chake chatsika kwambiri m'zaka zapitazi, choncho mukaimva muiyamikire. Pamwamba penipeni, kadontho kakang'ono kakuimba osapuma, ndi skylark. Kambalame kodumphadumpha pamiyala, koonetsa koyera kumchira kakamauluka, ndi wheatear, ndipo kameneko ndi mnzanu wapaulendo: nthawi yozizira kamakhala mu Africa, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Anamzeze amene mudzawaone akulowa m'makola amiyala mu Meyi ndi mtundu womwe uja umafika kwathu mvula ikamayamba. A kuno ambiri amakafika mpaka ku South Africa. Zinadziwika pamene namzeze wina amene anavekedwa kamphete ku Staffordshire, kuno ku England, mu 1911 anakapezeka ku Natal chaka chotsatira.

Ku Peak District, dera limene kuli Kinder Scout ija, kuli kalulu wa m'mapiri amene amayera mbee nthawi yozizira. Anthu anachita kubwera naye kuchokera ku Scotland m'zaka za m'ma 1800. Nthawi yabwino yomuona ndi Malichi, chipale chitasungunuka iye asanasinthe malaya, atakhala pa dothi lakuda akuganiza kuti wabisala. Njoka yaululu iliko imodzi yokha mu Britain, adder, mbale wake wa mphiri koma wamng'ono ndi wamanyazi. Musaigwire, basi. Choopsa kwenikweni ndi nkhupakupa, zimene zimafalitsa matenda a Lyme. Inu anamwino mukuwadziwa. Ana avale mathalauza, ndipo madzulo muwayang'ane kuseri kwa mawondo, m'khwapa ndi m'tsitsi.

Tsopano nkhosa "ziwiri zitatu" zija, zimene munaziona ngati zosochera. Sizinasochere. Pa ma fell ambiri a ku Lake District pamwamba palibe mpanda. Ndi busa la anthu ambiri, alimi a m'chigwa aliyense ali ndi ufulu wodyetsako nkhosa zake. Mbusa sakhala nazo. Koma gulu lililonse limadziwa mbali yake ya phiri, kuyambira pa khwawa ili mpaka pa thanthwe ilo, ndipo silipitirira. Palibe munthu amene amaziphunzitsa. Mwanawankhosa amakwera ndi make, amadya pamene make amadya, amabisala mphepo pamene make amabisala, ndipo akadzabereka amaphunzitsa wake. Alimi amati nkhosa yotere ndi hefted, ndiye kuti ili ndi kwawo. N'chifukwa chake famu ikasintha wolima, nkhosa za kuphiri nthawi zambiri zimatsala ndi famuyo, chifukwa mutagula zina kumsika zingamwazike phiri lonse. Mu 2001, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atabuka, ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa mu Britain, ndipo Cumbria, dera limene kuli Lake District, ndi imene inavutika kuposa madera onse. Chimene chinaliza abusa a kumapiri sichinali ndalama zokha. Gulu likaphedwa lonse, nzeru ya malire imene inkadutsa kwa make kupita kwa mwana kwa mibadwo yambiri imathera pomwepo.

Ku Lake District mtundu wake ndi Herdwick: imabadwa yakuda, imasanduka yofiirira, ikakula imatuwa, nkhope ili yoyera ngati ikumwetulira. Ku Yorkshire kwanuko yofala ndi Swaledale, ya nyanga zopindika, nkhope yakuda ndi mphuno yoyera. Utoto umene uli pamsana pake ndi chizindikiro cha mwini, pamodzi ndi kadulidwe ka khutu. Ikafika nthawi yozitsitsa kuphiri kuti akazimete, alimi oyandikana amakwera pamodzi ndi agalu awo ngati dima, n'kudzazisankhula m'munsi. Ubweya wake ndi wokhakhala, ndipo kawirikawiri mtengo wake sufika pa ndalama yolipira wometa. Kalekale ubweya ndi umene unalemeretsa nyumba za amonke monga Fountains Abbey, amene anali ndi mabusa aakulu m'mapiri amenewa.

Nkhosa zomwezi ndi zimene zikuletsa nkhalango kubwerera. Apatseni ana ntchito iyi: aliyense akaona mtengo pa phiri, afotokoze chifukwa chake unapulumuka. Adzapeza kuti uli pa phompho, kapena m'khwawa lozama, kapena pa kachilumba ka m'dziwe, kapena mkati mwa mpanda. Paliponse pamene pakamwa pa nkhosa sipafika.

Mipanda yamiyala ija ilibe simenti ngakhale matope. Ndi makoma awiri otsamirana, pakati athiramo timiyala, ndipo apo ndi apo mwala wautali umadutsa kumanga mbali ziwirizo. Mita imodzi imadya miyala pafupifupi tani imodzi. Yokhotakhota ya pafupi ndi midzi ndi yakale kwambiri. Yoongoka ngati muvi, yokwera phiri mosasamala kutsetsereka, yambiri ndi ya pakati pa 1750 ndi 1850, pamene nyumba ya malamulo inkagawa mabusa a anthu onse n'kuwapatsa eni malo, mzere utajambulidwa pa pepala ndi munthu wokhala mu ofesi. Osauka amene ankadyetsako ng'ombe imodzi anatsala manja ali m'khosi. Ife a ku Mulanje ndi ku Thyolo nkhani yotere sitichita kuuzidwa.

Tsiku lina mudzapite ku Gunnerside, ku Swaledale, mudzakwere khwawa la kuseri kwa mudziwo. Poyamba ndi mitengo ndi kamtsinje, kenako mukutulukira pa milu ya miyala yotuwa pamene udzu sumera, nyumba zogumuka ndi makomo a ngalande zolowa m'phiri. Inali migodi ya mtovu. M'mbali mwa phirilo muli zigwembe zazikulu zimene mungaganize kuti n'zachilengedwe. Ankamanga damu pamwamba, likadzaza n'kuligumula kuti madzi akokolole dothi, mwala wa mtovu uonekere. Ana ankagwira ntchito yotsuka miyala m'madzi ozizira, abambo ankafa msanga ndi chifuwa. Cha m'ma 1880 mtovu wotsika mtengo wochokera ku Spain unagwetsa migodiyi, ndipo mabanja anasamukira ku mafakitale a thonje a ku Lancashire, ena ku America, monga mmene agogo athu ankalowera ku Joni. Pansi pa chigwa chomwecho pamadutsa njira ya maliro. Kale anthu a kumtunda, ku Keld, analibe manda odalitsidwa, ndiye ankanyamula mtembo m'dengu lalitali mtunda wa makilomita pafupifupi 25 mpaka ku tchalitchi cha ku Grinton, akulandizana ngati pa chithatha. Pafupi ndi mlatho wa Ivelet pali mwala wafulati umene amati ankatulapo malirowo kuti apume. Anapumula mu 1580, ku Muker kutakhala manda.

Mukakwera sitima ya ku Carlisle kuchokera ku Leeds mudzadutsa pa mlatho wa Ribblehead, wa zipata 24, womangidwa m'zaka za m'ma 1870 pakati pa moor. Omanga ankakhala m'zisakasa pomwepo ndi mabanja awo, ndipo oposa 100 anafa ndi ngozi ndi nthomba. Ambiri anaikidwa pa katchalitchi ka Chapel-le-Dale.

Pa funso la kudutsa m'minda ya eni: n'zololedwa, koma ufuluwo anthu anachita kuumenyera. Pa 24 Epulo 1932 achinyamata mazana angapo, ambiri ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, motsogozedwa ndi Benny Rothman, anakwera Kinder Scout mwadala pamene panali poletsedwa chifukwa cha nkhwali zija. Analimbana ndi alonda, ndipo asanu anaikidwa m'ndende. Peak District inakhala paki yoyamba ya dziko lino mu 1951, Lake District chaka chomwecho, Yorkshire Dales mu 1954. Mu 2000 kunabwera lamulo lolola kuyenda momasuka pa mapiri ndi ma moor amene analembedwa pa mapu. Koma paki ya kuno si ngati Liwonde. Ilibe geti, simulipira polowa, ndipo malo ambiri ndi a anthu, akukhalamo ndi kulima. Choncho m'munsi, m'minda ya mipanda, tsatirani njira imene ili ndi chikwangwani cha public footpath kapena kamuvi kachikasu, ngakhale ikudutsa pakhomo pa mlimi. Geti mulisiye mmene mwalipezera. Mukafika pamwamba, pamalo amene mapu a bungwe lojambula mapu la Ordnance Survey apaka chikasu, yendani kumene mukufuna. Ng'ombe za ana muzizilambalala patali. Ndipo moto ayi, ngakhale kambaula kootchera nyama. Moto wa ku Marsden Moor mu 2019 unayamba ndi kambaula kotere, ndipo peat akagwira moto amanyeka pansi kwa masabata, monga zinachitikira ku Saddleworth mu 2018.

Pali china chimene simunafunse koma ndikuganiza chili mu mtima. Akuda ndife ochepa kumeneko, ndipo m'midzi ina adzakuyang'anani. Komabe pa phiri pali mwambo umene mudzaukonde: Mngelezi yemwe uja amene sakupatsani moni mu basi, pa phiri amapereka moni kwa aliyense wokumana naye, mwinanso n'kuima kukamba za nyengo. Ngati simukufuna kuyamba nokha, kuli magulu oyenda pamodzi monga Ramblers, ndi Black Girls Hike limene linayamba mu 2019.

Tibwerere ku kuseka kuja. Ine ndinanyoza Kinder Scout, mamita 636, munthu woti ndakwera Sapitwa. Ndinapita mu Okutobala ndi jinzi, jekete ya m'tawuni ndi foni. Nditafika pamwamba nkhungu inatsika, chiperoni chenicheni, koma cha mphepo yoti kuima n'kovuta. Pamwamba pamenepo ndi pafulati, makwawa akuda onse ofanana. Ndinayenda kwa ola lathunthu n'kudzapeza mapazi a munthu m'matope, ndinasangalala, kenako ndinazindikira kuti ndi anga. Foni inali itazima ndi kuzizira. Jinzi itanyowa inali ngati ndavala chitsulo, ndipo zala zinkakanika kutseka zipi. Anandipeza ndi gogo wina wamkazi wa tsitsi loyera, ali ndi mapu ndi kampasi, amene anandipatsa tiyi wa m'fulasiki n'kunditsitsa mpaka ku mudzi wa Edale osandinyoza ngakhale liwu limodzi, zimene zinandipweteka kuposa kunyozedwa.

Mapiriwa ndi aafupi koma ali kumpoto kwambiri ndipo amalandira mphepo ya m'nyanja ya Atlantic mwachindunji. Ku Seathwaite, m'chigwa cha Borrowdale, mvula imapitirira mamilimita 3,000 pa chaka, pamene ku Lilongwe kawirikawiri sifika 1,000. Mukakwera mamita 150 alionse kutentha kumatsika pafupifupi digiri imodzi, mphepo n'kuwonjezera pamenepo. Chimene chimavulaza anthu ambiri ndi kunyowa ndi kuzizira pamodzi, ngakhale mu Julayi. Choncho aliyense akhale ndi jekete ndi thalauza zosalowa madzi, juzi yapadera m'chikwama, chipewa, magolovesi, nsapato zogwira pansi, chakudya choposa chimene mukuganiza, ndi tochi. Zovala za thonje zisiyeni. Onani zanyengo za kumapiri za bungwe loona zanyengo la Met Office, osati za m'tawuni. Uzani munthu kumene mwapita ndi nthawi yobwerera. Mwana akayamba kupunthwa, kulankhula mosamveka kapena kungokhala zii, musadikire, mufunditseni, adye, mutsike. Zikavuta imbani 999, funsani apolisi, kenako opulumutsa anthu kumapiri. Ndi anthu ongodzipereka ndipo salipiritsa. Kumbukiraninso kuti mu Disembala 4 koloko kumakhala kutada, pamene mu Juni kumawala mpaka kupitirira 9 koloko usiku.

Ku Lake District, anzanuwo akatchula Scafell Pike kapena njira ya Striding Edge ya pa Helvellyn, kanani, si za ulendo woyamba ndi ana. Pemphani Catbells, mamita 451, pafupi ndi Keswick. Mumakwera boti kuwoloka nyanja ya Derwentwater n'kuyambira m'tsinde, pali malo awiri ogwira miyala ndi manja amene ana amawakonda, ndipo pamwamba mumaona nyanja yonse ndi zilumba zake. Kunja kwa Keswick kulinso Castlerigg, bwalo la miyala yoimikidwa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo.

Koma musanapite kutali choncho, yambani ndi pakhomo. Sitima ya ku Ilkley kuchokera ku Leeds ndi theka la ola. Sankhani Loweruka la dzuwa cha pakati pa Ogasiti, mukwere mpaka pa matanthwe a Cow and Calf, kenako mulowe mu heather. Pa moor ameneyo pali miyala yambiri yogobedwa timaenje tozunguliridwa ndi mizere, ntchito ya anthu a zaka masauzande zapitazo, ndipo timaenjeto timafanana ndi ta bawo, moti ana anu adzafuna kufunafuna njere. Tengani kambale kotseka. Pansi pa heather pali tizitsamba ta masamba ang'onoang'ono obiriwira, tobereka tizipatso takuda tochepa kuposa nthudza, totchedwa bilberry. N'todyedwa, ndipo kuthyola todya nokha palibe amene angakuletseni. Muyenera kugwada n'kutukula nthambi kuti mutione. Malaya oyera ana asavale tsiku limenelo.